Tsiku Limene Ndinagwadira Malemu mu Ofesi Yanga

Nkhaniyi aphunzitsi anga amaifotokoza mokometsera, ndiye kuli bwino muimve kwa mwini wake, ngakhale imandichititsa manyazi.

Atamwalira a Semba, omwe anatsogolera koleji yathu ya ku Machinjiri zaka zambiri, bodi inasankha ine kuti ndilowe m'malo mwawo. Ananditumiza kaye ku maphunziro a utsogoleri, kumene anatiuza kuti mkulu watsopano azionetsa msanga kuti zinthu zasintha. Mfundo imeneyi ndinaigwiritsitsa. (Zinazo ndinkasinza, ankatidyetsa bwino.)

Nditabwerako ndinachotsa chithunzi cha malemuwo pakhoma. Ndinathetsa tiyi wa aphunzitsi wa teni koloko. Jekete lawo lakuda, lomwe linali likadali kuseri kwa chitseko, ndinaliponya m'katoni. Sekilitale wathu, Mayi Namaona, anangoti, "Bwana, zinthu za munthu sitifulumira nazo chonchi." Ndinawayankha kuti koleji si kumanda.

Kuyambira sabata imeneyo mu ofesi munasiya kundikomera. Fungo la mankhwala opaka pachifuwa omwe a Semba ankakonda silinkachoka. Mpando unkalira wokha ndikangotembenuka. Sindinauze munthu.

Lachitatu lina masana kunagwa chiperoni, phiri la Ndirande losaoneka, magetsi atazima. Pochokera m'kalasi ndinapeza Mayi Namaona palibe pa desiki pawo. Ndinatsegula chitseko changa. Pampando panali a Semba, atavala jekete lija, korona wopempherera m'manja, akuyang'ana pamene pankakhala chithunzi. Bokosi lawo ndinanyamula nawo ndi manja angawa pokweza galimoto yopita kwawo ku Nsanje.

Anatsokomola. Chifuwa chomwe chija.

"Mwachotsa chithunzi," anatero motsitsa.

Ndinangogwada pansi pomwepo. "Pepani, bambo, chibwerera lero lomwe. Tiyi nayenso abwerera. Udindowu sindinaupemphe." (Bodza, ndinalemba makalata awiri.) "Kunena zoona ntchitoyi sindikuidziwa. Aphunzitsiwa ndimawaopa, makamaka a masamu aja. Ndikamakalipa pamsonkhano ndimakhala ndikunjenjemera."

Iwo anati, "Dzukani, mwana wanga, simentiyo ikuzizira."

Kumbuyo kwanga kunalira makapu. Anali Mayi Namaona ndi thileyi, ndipo pambali pawo panaima aphunzitsi atatu odzapereka moni kwa mlendo. A masamu anali patsogolo.

"Bwana," anatero mayiwo, "awa anabadwa mapasa ndi malemu. Abwera kudzatenga katundu. Jekete ndawapatsa ndine, kwawo n'kotentha, kuno anafika akunjenjemera."

"Nanga bwanji simunandiuze kuti anabadwa awiri?"

"Inu simufunsa, bwana."

Mkuluyo anapsontha tiyi wake. "Achimwene anga nawonso chaka choyamba ankatsekula m'mimba msonkhano ukayandikira," anatero. "Koma sindinamve kuti anagwadira mlendo."

Pofika mawa lake nkhani inali itafika pa siteji ya minibasi. Chodabwitsa n'chakuti aphunzitsi anayamba kundimasukira. A masamu aja anakhala nane pansi n'kundionetsa pamene ndandanda yanga ya mayeso inkagundana, zomwe zikanasiya kalasi yonse yomaliza osalemba. Anali atadziwa kwa masabata atatu, koma ankati sindikanamva. Ankanena zoona.

Masiku ano ndisanasinthe kanthu ndimafunsa. Koma mpaka lero, ndikafika pa chitseko cha ofesi yanga yomwe, ndimagogoda kaye, n'kudikira pang'ono.