Tsiku Limene Ndinafunditsa Mwana wa Eni

Walahi, ndikulumbira pali mayi anga ali kumandawo: zonse ndinenezi n'zoona, ngakhale mpaka lero ndikadutsa pa Nkopola ndimazolika!

Mpikisano wa chiphadzuwa cha dziko unabwera kudzasankha atsikana pa loji ina kumeneko. Asiyatu, mwana wa mlongo wanga, anakalowa nawo.

"Achimwene, mwini mbumba ndinu," anatero mlongo wangayo. "Pitani mukamuyang'anire. Akatichititsa manyazi, mlandu ndi wanu."

Ine ndinkadziwa mipikisano yakale ija tinkaiona m'nyuzi zokulungira usipa, atsikana atavala madiresi ofika kumapazi, nthawi imene thalauzi kwa mkazi unali mlandu. Ndinati zazing'ono izi.

Round yoyamba, zitenje ndi mikanda. Ndinaomba m'manja ngati bwana.

Kenaka nyimbo inasintha. Atsikana aja anatuluka ndi tinsalu tosakwana ngakhale kupukutira kapu!

Ndinadzambatuka, kutembenuka, n'kufuula monga timachitira podutsa padooko posambira amayi: "Odi! Odi kumeneko!"

"Madala, khalani pansi, mukutitchinga!"

"Ana awa anakasamba kunyanja, awabera zovala, inu mukuseka?"

"Ndi swimsuit imeneyo, madala!"

"Kaya wakubayo dzina lake ndani, agwidwe!"

Ndinasolola nsalu ya patebulo la majaji, mabotolo phwaa! Tsono mjomba saona thupi la mwana wa mlongo wake. Ndinakwera pa steji nditatsinzina, manja kutsogolo. Woyamba kumukhudza ndinamukulunga ngati chambo chopita ku Limbe.

"Asiyatu, tiye kwathu!"

"Ndisiyeni bambo inu! Ndine Chisomo! Adadi!"

Adadi akewo anali msilikali wa ku Monkey Bay, chifuwa ngati bwato. Anandinyamula pa lamba n'kundiponya m'nyanja, khuvu!

Ndikutuluka m'madzi, nsapato imodzi itapita, ndinapeza Asiyatu ataima pamchenga, diresi lofika kumapazi, mpango kumutu.

"Mjomba, ine za swimsuit ndinakana kalekale, ndipo majaji anandilola. Mwatani kodi?"

Pofika kunyumba, video ya zonsezi inali itandidutsa kale panjira. Mlongo wanga anangogwira chibwano.

"Achimwene, mwana wabwera bwinobwino. Amusankha, sabata yamawa akupita kumpikisano waukulu ku Lilongwe. Koma inuyo, tikupezereni wokuyang'anirani."

Abale, ukafuna kufunditsa mnzako, yamba watsegula maso.

Zoti msilikali anandiponya m'nyanjazo ndangowonjezera. Ndinalumphiramo ndekha.