Satelayiti ndi Denga Langa

Lolemba
Chiswe chamaliza mitengo ya denga. Ndikuphwasula sabata ino. Amake Esinati akuti mvula ili pakhomo, ine ndikuti ayi. Mwana wathu Esinati, wophunzira zanyengo ku yunivesite, anandiikira mapu pafoni. Satelayiti imayeza mphepo ndi chinyezi pa nyanja ya India, komwe kumachokera mvula. Akuti akayerekezera ndi zoyezera zoyandama pamadzi, imangophonya pang'onong'ono. Lero mivi yonse ya mphepo yaloza kwina. Mwanayo ndinaphunzitsa ndine, ndidyereko nzeru zake.

Lachiwiri
Malata pansi. Miyala ndi matayala otsindira denga, pansinso. Ba Mumba akalipentala akugwira ntchito ngati makina. Aneba akusuzumira pampanda: "Ba Phiri, mwasegula nyumba monga chitini cha nsomba?" Nsanje basi. Mu komboni ya Kanyama muno ndani wina ali ndi satelayiti?

Lachitatu
Ba Mumba ali kumaliro ku Chazanga. Nyundo yapita nawo. Foni ikuti panyanja pali bata. Mtima uli m'malo.

Lachinayi
Miyala yanga theka kulibe. Aneba aindanditsa m'njira kuti azipondapo madzi akadzaza. Madzi ake ati? Amake Esinati akukulunga matiresi m'mapulasitiki, sakundilankhula. Zikundiwawa, ndisaname.

Lachisanu
Kumwamba kwada bii. Ndikuimbira Esinati. "Adadi, satelayiti ija imawerenga timafunde ta pamadzi. Pamtunda siona kanthu, ndipo mvula ikachuluka imasokonezeka. Ndinakuuzani." Mwina ananenadi, ine ndinali kalikiliki ndi mivi. "Nanga denga lili bwanji?" Ndikumuyankha kuti netiweki yavuta.
Ba Mumba foni yozima.

Loweruka
Mayo ine! Mvula yabwera ndi mphepo yake yomwe. Zoyandama m'nyumba: mbale, nsapato zanga za kutchalitchi, mpando wa apongozi. Lata limodzi lauluka, latera kwa aneba, ati lafika bwino. Kuti ndituluke ndikupondanso miyala yanga yomwe ija, mwini njira akundiuza kuti ndiponde mosamala. Foni ikadali kunena zoona zake: panyanja ya India kamphepo kayaziyazi.

Lamulungu
Kutchalitchi sitipita, nsapato sizinaume. Satelayiti sinaname, wokhala ku Kanyama ndine. Amake Esinati ayamba kundilankhula. Aima pabalaza, madzi m'maondo, akuyang'ana kumwamba kopanda denga: "Atate ake Esinati, nyanja ija mwaibweretsa m'nyumba. Iuzeni satelayiti yanu tsopano itiyeze."
Ndikutenga ndowa.