Makabati a Msinkhu wa Nalungwe

A Simfukwe, ndakuonani mukumwetulira, ndipo sindikukuletsani. Ine ndinaphunzitsa masamu pa Chitipa Boma pano mpaka tsitsi linayera, ndipo mphunzitsi wa masamu sanena chinthu chimene sanachiyeze. Amene akukayika adzuke, nyumba ili apo kuseri kwa msika, akaone yekha. Otsalanu sendezani bawolo uko, mundimvere.

Matipate atangolowa kumene, wailesi ikungolankhula za zipani, mkazi wanga Nalungwe anatisiya. Iye anali wa ku Misuku, ine wa ku Dedza, ndipo popeza ndinamulowola monga mwa mwambo wa kuno, abale ake anati maliro ndi anga, akagone kwa mwamuna wake. Tinakamuika ku Dedza. Ndinabwerera kuno ndekha, m'nyumba imene tinamanga awiri, ndipo ndinaona kuti sindingakhale kutali chonchi ndi manda ake. Kuti ndikamange kanyumba kumudzi, pafupi naye, ndinayenera kugulitsa ya kuno.

Wogula anapezeka, bambo wina wa kasitomu, wokhometsa msonkho wa katundu pamalire, wochokera ku Zomba. Koma akazi ake atasuzumira m'khitchini yathu yakunja, ya mwaye kudenga ndi mafuwa pansi, anabwerera chambuyo atagwira mphuno. Anati, "Aphunzitsi, ine sindiphikira m'khola. Mukaika khitchini m'nyumba, ya makabati ngati za ku Lilongwe, tigula." Ndinati yewo, ndavomera. Ndinali ndisanagwirepo sowo chibadwire.

Matabwa a pamsika sindinawafune. Ndinakwera ku Misuku wapansi, kumapiri kwa apongozi anga, kumene kunali mtengo wa mbawa wautali moti anyani a kunsonga kwake sankadziwana ndi anyani a kutsinde, ndipo ndinaugwetsa ndi nkhwangwa yobwereka, n'kuugoneka pa dzenje lochekerapo matabwa, ndipo poti ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri koma ine ndinalibe mnzanga, ndinkakankha sowo ndili pamwamba n'kulumphira m'dzenje kukaikoka isanasiye kugwedera, n'kukweranso, n'kulumphanso, mpaka utuchi unadzaza chigwa chonse, ndipo alimi a khofi akuuthirabe m'minda mwawo mpaka lero. Mukumva?

Matabwawo ndinawamanga mtolo umodzi n'kusenza pamutu. Mphepo ya kuno mukuidziwa, ya mu Ogasiti ija imene imalanda mbuzi pachingwe. Nditangotsika phiri inalowa kunsi kwa matabwa, mapazi anga anasiya nthaka, ndinadutsa pamwamba pa Kaseye nkhokwe zikuoneka ngati zipewa zotayidwa, ndinaoloka Songwe n'kulowa mu Tanzania amayi ogulitsa nthochi akundikuwira kuti karibu, mphepo inakhota n'kundilambalalitsa m'mphepete mwa Zambia, kenako inadzanditula pakhomo panga mwaulemu, popanda thabwa ndi limodzi lomwe logwa, ndipo matabwa amene ndinanyamuka nawo ali aawisi anafika atauma gwa, poti anali atayanikidwa m'maiko atatu. Tsiku lomwelo a imigireshoni anabwera kudzafunsa chiphaso. Ndinawauza kuti dziko la eni sindinaliponde, ndipo mkulu wawo, munthu wophunzira bwino, anavomereza kuti lamulo limanena za phazi.

Ndinagumula khoma la chipinda chimene tinkasungiramo chimanga, ndinaboola zenera, ndinayamba. Matabwa ndinawapala ndi puleni mpaka ntchentche ikati itere inkaterereka n'kukagwera panja. Zitseko ndinazilumikiza mothina moti fumbi la pa Boma pano, limene limalowa ngakhale m'dzira losaswa, linazungulira nyumba kufunafuna mpata n'kubwerera kumsika ndi manyazi. Chiswe chinabwera ndi mafumu ake, chinaluma kamodzi, ndipo mpaka pano chiswe cha kudera kwathu chimadya phala lokha. Vanishi ndinapaka wowala moti tambala wa aneba anamenyana ndi chithunzi chake pachitseko mpaka anagonja n'kusiya kulira. Madilowa sankadikira dzanja: ukangoganiza za supuni, yokhala ndi masupuni inkatuluka yokha. A Simfukwe, ndikuti mukumva?

Koma chimene ndinayeza mosamala kuposa zonse ndi msinkhu. Ine sindinaphikepo, ndipo m'khitchini ya m'tauni ndinali ndisanalowemo. Kuphika ndinkakudziwa poona Nalungwe, atakhala pa kampando kake kakafupi, miyendo atapindira kumbali, dzanja likupita lokha pamene pali mchere, maso ali pa mphika. Choncho ndinabweretsa kampandoko m'nyumba, ndinakhalapo, ndinachotsera kusiyana kwa mkono wanga ndi wake, umene ndinkaudziwa bwino. Thabwa lodulirapo ndiwo ndinaliika pamene bondo lake linkalekeza. Shelefu ya mchere ndinaiika pamene zala zake zinkathera, ya mbale pamwamba pang'ono, poti ankakonda kudziwongola akamapakula. Masamu ake anali olondola. Pamenepo palibe angandikonze.

Mayi a ku Zomba aja atabwera anaima pakati pa chipinda, makabati onse akuwalekeza m'mawondo. Anayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, kodi mwamangira ana a sukulu ya mkaka? Ine ndimaphika choimirira."

Amuna awo anatsokomola. "Ntchito njabwino, bambo, sitikukana. Mungowakweza afike m'chiuno, ife tibwera ndi katundu."

Ndinawauza kuti zimenezo n'zazing'ono.

Apa ndiye mumvetsetse, poti m'pamene anthu amati ndimawonjezera. Makabatiwo anakana kukwera. Ndinaitana amuna onyamula matumba pamsika, anabwerera atagwira misana. Ndinabwereka ng'ombe za ngolo ku Kameme, goli linathyoka pakati ng'ombezo n'kukhala pansi ngati agalu. Dalaivala wa lole yochokera ku Tunduma anamanga tcheni kudzera pazenera n'kuponda mafuta, lole inang'ambika pawiri, mutu wake unakaima ku Karonga matayala akumbuyo ali pabwalo panga, ndipo Chitipa yense anasendera pang'ono kum'mawa, n'chifukwa chake dzuwa limafulumira kutuluka masiku ano, koma makabati osasiya pansi ngakhale mpata wolowetsa tsitsi. Wa kasitomu anadikira, anatopa, anakagula nyumba ina cha kuchipatala.

Mwati chiyani, a Simfukwe? Ngati ndinayamba ndazula misomali yogwira kukhoma?

Funso labwino. Mukanakhala m'kalasi mwanga mukanakhoza.

Ayi, sindinazule. Hamala ndinaitenga ndithu, ndinakhala pa kampando kaja kuti ndiyambire misomali ya m'munsi. Ndinatambasula dzanja kuti nditsamire shelefu, ndipo linapitirira chitini cha mchere ndi kampata komwe kaja ndinachotsera. Ndinakhala choncho, dzanja lili m'malere, mpaka mkono unachita dzanzi. Ng'ombe zija sindikukumbukira mtundu wake, ndipo lole ija mwina inali njinga. Makabatiwo ndi opepuka. Munthu mmodzi atha kuwakweza tiyi asanazizire.

Ku Dedza ndimapita mvula ikatha, kukalambula pamanda, ndipo ulendo uliwonse ndimamuuza Nalungwe kuti ndikubwera, nyumba yatsala pang'ono kugulidwa. Sindimunamiza. Nyumbayo ndigulitsa ndithu, ndipo khitchini ngati imeneyo simungaipeze kuyambira pano mpaka ku Nsanje. Ndikungodikira wogula amene mkazi wake ndi wamfupi, wophika chokhala. Mukamumva pamsika, mubwere naye. Koma makabati aja wina asawakweze.