Madontho atatu pa bulauzi yanga yoyera

Felesiya ndi Esime, anzanga inu, ndafika! Ndafikadi, dzina langa lalembedwa m'kaundula, ndili Fomu Wani, ndili ndi bedi langalanga lachitsulo pafupi ndi zenera, ndipo mukaona zilembo zikupendama musati sekondale yandiiwalitsa kulemba, ndi chimwemwe chabe. Koma mmene ndinafikira, abale! Musanamve kwa azimayi a pachitsime, amene awonjezera mchere ndi tsabola, imvani kwa ine mwini wake.

Mukukumbukira kalata ija inati amene safika Lolemba lotsegulira, malo ake apatsidwa kwa wina. Basi kwathu sifika, mukudziwa. Ndiye tiranki, ndowa, khasu ndi bulangeti, zonsezo pamutu mpaka ku Zomba? Mtima wanga wonse unali pa Tikafika, lole ya amalume ija yonyamula mpunga wa ku Likangala ndi matemba, imene imatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe.

Loweruka masana amalume anabwera nayo kwathu nkhope ili yakugwa. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kuonetsa amayi. Kouma gwa!

"Achemwali, ndinathira dzana lomweli, lero mulibe. Ikutaya penapake. Ndikaiyendetsa chonchi, injini inoka tisanafike n'pa Jali pomwe."

"Kunoka ndiye kutani, amalume?" ndinafunsa.

"Ndiye kufa, Lusiya. Ikanoka, iwe ndi ine tilima mpunga limodzi mpaka imvi."

Vuto linali loti injini yonse inali bii, oyilo wosakanikirana ndi fumbi la zaka, potayira posadziwika. Amalume anaitsuka ndi parafini, kuiliza pang'ono, kenako anawaza phulusa pansi pa lole bwinobwino, chifukwa pa dothi lathu lakuda lija dontho la oyilo silioneka. Akuti m'mawa akaona pamene dontho lagwera, adziwa poyambira kufufuza. Komatu zimenezi ndinazimva pambuyo. Nthawi imene ankawaza phulusayo ine ndinali kwa atelala kokatenga yunifolomu.

Lamlungu ndinadzuka kutangocha ndi maganizo abwino zedi. Ndinati lero ndi tsiku langa lomaliza kusesa pabwalo pa amayi, ndisese moti azindikumbukira mpaka tchuthi. Ndinayambira kunkhokwe, kudzera pamtengo wa mango, mizere ya tsache ikutsatana ngati tsitsi loluka. Kusuzumira pansi pa lole, phulusa mbwee! Ndinati, ndani wosaleredwa wataya phulusa pabwalo? Ndinagwada, kulowetsa tsache, kusesa kusiya mbee, kuwazanso madzi kuti fumbi ligone. Kodi si mmene anatiphunzitsira?

Amalume atafika anagwada n'kusuzumira. Anakhalitsa ali chigwadire.

"Achemwali, kodi mvula yagwa pansi pa lole pokha?"

Ine monyadira, "Ndasesa ndine, amalume!"

Anavula chipewa, kuyang'ana m'kati mwake, n'kuchivalanso. Sanakalipe. Bola akanakalipa! Atafotokoza ntchito ya phulusa lija ndinathawira m'nyumba, ndinangoti bwanji ndizisita bulauzi, mwina manyazi angathere m'makala.

Kubisala kumeneko n'kumene kunandipalamulitsa kachiwiri, chifukwa sindinaone zimene anachita. Anapempha ufa woyera kwa amayi n'kuwaza m'mbali monse mwa injini, kuti pamene oyilo akutulukira ufawo ude. Anailizanso, kusiya boneti yotsekula pang'ono, n'kuuza amayi kuti munthu asakhudze. Amayi, ndi changu cha kutchalitchi, anaiwala kundiuza.

Ine kutchalitchi ndinatuluka msanga kuti ndikamalize kulongedza. Kufika pakhomo, nkhuku zaunjikana pansi pa Tikafika zikujompha. Nditakweza boneti, ufa wokhawokha! Ndinati ohoo, amayi amasefera ufa pafupi apa, mphepo yaulutsira muno, amalume akaona zimenezi akwiyiratu. Mwayi wanga wokonza cholakwa ndi umenewu! Ndinatenga chitenje chakutha, kupukuta paliponse, m'makona ndi chala, ngakhale pamene ufa unali utayamba kuda ndinapakhula mwapadera. Injini inawala, anzanga, ngati poto watsopano.

Amalume anabwera ali mu jekete la kutchalitchi, buku la nyimbo m'khwapa. Anayang'ana injini, anayang'ana ine, chitenje chili m'manja.

"Lusiya, mayeso aja unakhozadi wekha?"

Amayi anagwira m'chiuno. "Achimwene, mwana uyu ukhondo udzamupha."

Ndipo tsikulo linathera pomwepo, chifukwa amalume ndi mkulu wa mpingo, sakanagwira sipanala masana a Lamlungu anthu akuona, komanso petulo wongolizira lole ili chiimire anali atachepa. Ndinalira, osanama. Ndinkaona mtsikana wina wa kwina akugona pabedi langa, ine ndikupirikitsa mbalame m'munda wa mpunga, ndipo wondichita chipongwe palibe, ndine ndekha ndi tsache langa.

Lolemba m'mawa anandikhazika pa tiranki nditavala kale bulauzi yoyera ndi siketi yabuluu.

"Manja pamiyendo," anatero amalume. "Ukaona chinyalala, tseka maso."

Analiza injini mpaka itatentha, kuizimitsa, n'kutuma amayi kukapempha phulusa kwa aneba, poti lathu ndinali nditalitaya kudzala. Ine ndinatulutsa kalata yanga kuti ndiiwerengenso kachikwi. Mukuadziwa akamvuluvulu a nyengo ino? Kanangobwera kamodzi kuchokera kudambo, kalata pululu, mpaka pansi pa lole! Kodi ndinaganiza? Ndinangodziponya chafufumimba, kukwawa ngati buluzi, kuigwira. Nditangoigwira ndinamva kanthu kofunda pamsana. Tho!

"Usasunthe!" anakuwa amalume. "Lusiya, usasunthe ngakhale pang'ono!"

Ndinati kapena ndi njoka. Ndinauma.

"Amalume, n'chiyani?"

"Ndi oyilo, mwanawe! Wagwera pa bulauzi, akuoneka bwino kuposa pa phulusa. Dikira dontho lina ligwe nditsimikize."

"Amalume, yunifolomu yanga!"

"Ukufuna yunifolomu kapena sukulu?"

Ndinagona phee. Tho, lachiwiri. Nthawi imeneyo azimayi ochokera kuchitsime anali ataima m'mphepete mwa bwalo ndowa zili pamutu, akuona miyendo iwiri itatulukira pansi pa Tikafika.

"Kodi si wa kusekondale uja?" anatero anaPhiri. "Sukulu sanayambe, umakaniko wayamba kale!"

"Ayi, akusesa," anayankha wina. "Amati kunatsalira pena dzulo."

Ngati zimenezo sizinakwane, a tcheyamani a chipani ankadutsa pa njinga, anatsika n'kutsokomola. "Amayi, siketi izifika pansi pa mawondo, ngakhale munthu ali pansi pa galimoto." Amayi anaponya phulusa uko, kumasula chitenje chapamwamba n'kundifunditsa miyendo ngati mtembo. Tho, lachitatu.

Amalume anagona chagada pambali panga, kuyang'ana molunjika pamwamba pa madonthowo, n'kulondola kanjira ka oyilo ndi chala mpaka m'mbali mwa injini.

"Ndakupeza, wakuba iwe!"

Kunali pamene pampu ya petulo imakumana ndi injini. Pakati pake pamakhala kapepala kolimba kotsekera oyilo, amati gasiketi, ndipo kanali katang'ambika. Injini ikatentha oyilo amatulukira pamenepo, lole ikamathamanga mphepo n'kumumwaza paliponse, n'chifukwa chake sipankaoneka. Anamasula mabawuti awiri, kupala kakaleko ndi mpeni, n'kufunsa ngati pakhomo pali chipepala cholimba. Ndinatsekula tiranki ndekha n'kuwapatsa chikuto cha kope langa la masamu la Sitandade Eyiti, lija aphunzitsi analembamo mawu ondiyamikira. Anachiika pa pampu, kugogoda m'mbali ndi kahamala pang'onopang'ono mpaka chitadukira mu mpangidwe wake, kupaka girizi, kumanga. Anathira oyilo n'kuiliza. Amayi anayala kansalu koyera pansi, poti ine ndinakana kubwererako. Dontho ngakhale limodzi!

Amayi analuluta, anaPhiri anandisenzera tiranki kukakweza, a tcheyamani anathandiza kukankha lole kuti ituluke pabwalo. Yosinthira ndinalibe, atelala anali atangosoka bulauzi imodzi, ndiye ndinavala juzi pamwamba, dzuwa likuswa mtengo. Njira yonse amalume ankaima n'kusolola kachitsulo kaja, oyilo ali pomwepo, iwo n'kumwetulira okha. Tinalowa pageti dzuwa litapendeka, ofesi ili pafupi kutsekedwa.

Ahedi, mayi wamtali wa magalasi, anawerenga kalata yanga yokhala ndi chidindo cha chala chakuda pakona, kenako anayang'ana thukuta langa.

"Ukudwala malungo? Vula juziyo."

Ndinavula. Anandiuza kuti nditembenuke. Madontho atatu, atandandalika pamsana ngati mabatani. Amalume anafotokoza zonse ali pakhomo chipewa chili m'manja, osasiyako phulusa, osasiyako ufa. Ahedi anavula magalasi n'kupukuta misozi ya kuseka, kenako analemba dzina langa. Analemba, anzanga! Ndinaona ndi maso angawa.

Potsanzikana ndinagwada kuti ndithokoze amalume. Munthu anataya masiku atatu a katundu, parafini wake, petulo wake, osandinyoza ngakhale kamodzi kupatula funso la mayeso lija. Anangondisisita pamutu ndi dzanja la girizi n'kuti, "Masamu ako ndi amene akuyendetsa Tikafika tsopano. Usakalephere, ingadzaime panjira." Mukawaona akudutsa muwagwadire m'malo mwanga, ndiponso amayi muziwathandizako kutunga madzi.

Kuno atsikana akunditcha kale Madontho, ndipo sopo wathera theka, madonthowo angosanduka otuwa. Dzulo amagawa ntchito za m'mawa. Ahedi, nkhope ili bwinobwino ngati sakudziwa kanthu, anati poti Lusiya ndi katswiri wa tsache, azisesa poimika lole ya sukulu. Lero ndasesa kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, pansi pake ndasiya masamba ali mbwee. Akapitawo oyang'anira ntchitozo atandifunsa ndinawauza kuti andilembe dzina, andipatse chibalo, andikumbitse dzenje, koma ine Lusiya pansi pa galimoto sindidzasesanso mwini wake asanandilembere kalata.