Chimbale Chathu Chopanda Woyimba

Amene akuti ndi bodza akafunse ku Golomoti, akamuuza kuti chaka chimene tinajambula chimbale chathu malambe anabereka kawiri. Musaseke, ine Benadi ndinalipo, ndipo gitala wake ndi uyu.

Tinali atatu, tonse ophunzira pa Mua: ine pa gitala, a Lusiyano pa ng'oma, a Fabiano oyimba. Pa unyamata wathu tinkayimba roko, mtundu wa nyimbo zachizungu, osati wovinitsa anthu pa ukwati, koma uja wa nyimbo imodzi yotalika ngati Misa ya Pasaka, yosintha mayendedwe munthu asanaponde phazi lachiwiri. Bandi inatha chifukwa cha ine, poti ndikayamba gitala sindinkasiyira mnzanga mpata. Patapita zaka makumi atatu, a Fabiano anandipeza pamsika wa Mtakataka atawonda, jekete likungowalendewera.

"A Benadi, tijambuleko chimbale chimodzi chokha," anatero. "Adokotala akuti pakhosi panga sipali bwino. Ndikufuna adzukulu adzamve kuti agogo awo ankayimba."

Tinabwereka nyumba yosungiramo mpunga, a Lusiyano n'kubwera ndi kompyuta yojambulira. Tinapangana kuti ikhale nyimbo imodzi ya magawo atatu: ziyambe ng'oma, pakati gitala, kenaka mawu a Fabiano atsekere.

Ng'oma zinatha tsiku limodzi. Koma ine nditangokhudza nsambo yoyamba, mpunga wonse m'matumba unapunthika wokha, mankhusu uko, woyera uku, sitima imene inkapita ku Salima inaima panjanji n'kubwerera chammbuyo kuti imvetsetse, mbalame zonse za ku Bwanje zinasiya minda n'kudzandanda padenga mpaka alimi anaiwala kuti kuli ntchito yoingitsa mbalame, ndipo nsambo zinapsa psuu moti a Lusiyano anawotcherapo chimanga chiwiri. Mukumva? Zala zanga zinaperepeseka n'kutha, ndinapitiriza ndi zigongono kudikira kuti zina zimere, ndipo zinameradi, ndi izi, taonani kufupika kwake. Gitala ameneyo ndinamuyamba anthu akuwokera mpunga, ndinamumaliza akumanga matumba.

Masiku onsewo a Fabiano ankabwera pa kabaza, n'kukhala pathumba, pepala la mawu a nyimbo m'manja, botolo la madzi ofunda pambali.

"Lero ndilowe, a Benadi?"

"Dikirani pang'ono, achimwene, apa sipanakhale bwino."

Ankangogwedeza mutu n'kupinda pepala lawo.

Za zigongono zija mwina ndawonjezako. Gawo langa ndi la mphindi zisanu ndi zinayi basi, ndipo a Lusiyano anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti latheka, tiwapatse mpata odwalawa. Ine ndinakana. Ndinalibwereza milungu itatu, kufuna kuti aliyense wodzamva chimbalecho adzafunse kuti wa gitalayo ndani. Tsiku limene ndinati tsopano ndakhutira, a Fabiano anaima pa maikolofoni, anatsegula pakamwa, panangotuluka mpweya. Anayesa kachiwiri, anamwa madzi awo, anayesanso. Kenaka anandipatsa pepala lija osandiyang'ana, n'kukakwera kabaza. Mwezi usanathe tinawaika m'manda.

Zimandiwawa, sindikubisirani. Munthu anandikhululukira patatha zaka makumi atatu n'kudzandipempha kanthu kamodzi, ine n'kumuchitanso zomwe zija.

Chimbale chinatuluka ndithu. Gawo lachitatu a Lusiyano anakana kuti ndiikemo gitala, ndiye muli ng'oma zokha, zikugunda pang'onopang'ono, kudikira munthu. Tinapita nacho kwa amayi a kunyumba kwa a Fabiano, adzukulu onse atakhala pamkeka. Anamvetsera ng'oma, anamvetsera gitala wanga yense osasuntha. Ng'oma zomaliza zitayamba, mdzukulu wamkulu, mtsikana wophunzira unamwino, anatembenukira kwa ine.

"Agogo alowa nthawi yanji?"

Ine amene ndinabweza sitima panjanji, mukumva, ndinafufuza bodza m'mutu monse, osalipeza ngakhale limodzi. Ndinangoti, "Dikirani pang'ono."