Zikomo Potitumizira Mkamwini Woyankhulira ku Mozambique

Kumtunda kwa Biriwiri,
Ntcheu.

Kwa Bwana Wamkulu wa ntchito ya Nzeru M'manja,
Ku Likulu, kumene kuli mipando yozungulira.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja, ngakhale bondo lakumanzereli likukana. Ndikanati Bayethe, koma mawu amenewo ndi a mafumu okhaokha, ndiye landirani zikomo wamba. Ine ndine Jasper Eliya, mlimi wa kachewere. Sukulu ndidalekezera Sitandade 5 chifukwa aphunzitsi ndi ine sitinkagwirizana pa nkhani ya chikwapu. Mukaona zilembo zapendama musadabwe, kuno n'kumapiri, chilichonse chimapendama.

Ndalemba kuti ndithokoze chifukwa cha tabuleti ija mudapatsa sukulu yathu, makina anzeru oti aphunzitsi akakumana ndi mutu wovuta aziwafunsa mmene angaufotokozere kwa ana. Idaperekedwa kwa Madamu Nomsa Sungani a Sitandade 8, amene akuphunzitsa mdzukulu wanga Tikondwe. Mwanayu ndiye woyamba pamtundu pathu kufika kalasi imeneyi, ndipo mayeso ali pakhomo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha tsiku lija mudabwera nayo. Tidakuvinirani ngoma mpaka fumbi kobo. Makinawo adayankha mafunso onse pamaso pathu, amayi nthungululu zili pakamwa. Sitidadziwe kuti netiweki mudabwera nayo yanuyanu m'kabokosi m'galimoto. Mutatsanzika, nayo idatsanzika. Ndi khalidwe labwino, Bwana, mlendo kunyamula zake zonse osasiya chinyalala pakhomo pa eni.

Chachiwiri, zikomo powalimbitsa miyendo Madamu. Adazungulira sukulu yonse tabuleti ili m'mwamba ngati akuingitsa kabawi pa anapiye. Kuseri kwa chimbudzi, zii. Pamwamba pa desiki sadayesepo, poti madesiki tikuwadikirabe. Potsiriza netiweki adaipeza pachulu cha m'munda wa kabichi wa a Dyton. Si patali ayi, n'kungodumpha msewu wa tala. Koma mwina pamapu a muofesi sizioneka bwino: msewu umenewo ndiwo malire. Uku Malawi, uko Mozambique. A Dyton ndi msuweni wanga, timamwera chipanda chimodzi, maliro timalira limodzi, koma chulu chawo chili m'dziko la eni.

N'chifukwa chake makina anuwo tawatcha Mkamwini. Kudya amadyera kuno, pa sola ya a hedi. Kugona amagona kuno. Koma kuwafunsa kanthu ali duu, ngati munthu amene apongozi amukhalira pafupi. Akangodumpha msewu kufika kwawo, pakamwa mbwee! Tsiku loyamba adayamba ndi moni wa Chipwitikizi, a Dyton n'kusiya khasu kudzamasulira.

Chachitatu, ndisakhale wosayamika, Mkamwini akayankhula amayankhula zanzeru. Ana sankamvetsa chifukwa chake kumada ndi kucha. Madamu sakadasiya ana odzaza kalasi okhaokha, ndiye adawoloka nawo onse. Mkamwini adati atenge chinthu chobulungira chikhale dziko, tochi ikhale dzuwa. A Dyton adadula kabichi. Madzulo ake Tikondwe adadula wanga osapempha, n'kumuzungulitsa patsogolo pa tochi. Akuti, "Agogo, dzuwa siliyenda, timazungulira ndife." Ine ndidaitana mayi a kunyumba, a Dailes. Ndidati mwamvatu, zaka zonsezi mwakhala mukunamizira masese ndikamadzandira, chonsecho ndi dziko silikhazikika. Iwo adangofunsa kuti nanga bwanji limazungulira Loweruka lokhalokha. Funso limenelo, Bwana, ndalisungira Mkamwini.

Kuyambira pamenepo Sitandade 8 yonse imapita kunja kwa dziko m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanafike paliwombo. Ndani kuno adalotapo kuti ana athu adzaphunzira kunja? Zonsezi ndinu.

Chachinayi, apa ndiye zikomo wanga akuchepa. Simudatiuze kuti Mkamwini ndi wamiseche. Akangotsegulidwa amanong'oneza ofesi yanu malo amene ali. Ndiye lipoti lanu lafika kwa amene amasamutsa aphunzitsi, lonena kuti Madamu Sungani amapezeka kunja kwa dziko nthawi ya ntchito popanda chilolezo. A hedi atiuza ife makolo kuti mwezi uno ukatha Madamu achotsedwa, mayeso asanalembedwe.

Ofesi yanu ndi yamaso, ndavula chipewa kachiwiri. Denga la Sitandade 3 lidasasuka ndi mphepo, lidauluka masana dzuwa likuswa mtengo, palibe adaliona. Aphunzitsi ena adachoka osabwezeredwa, palibe adaona. Koma mayi mmodzi kudumpha msewu, mwamuona muli ku Likulu, ndi nsapato zomwe.

Madamu adayesa kuleka kuwoloka. Lipoti lidati sakugwiritsa ntchito makina. Atayambiranso, lipoti lati athawa m'dziko. Ine sukulu yanga ndi yochepa, koma ngakhale mbuzi timaimangirira pamene chingwe chikufika pa msipu.

Tikondwe ndi mwana wolongolola, adatengera ine. Masiku ano akungokhala pakhonde, kope lili pamiyendo. Dzana adandifunsa kuti, "Agogo, Madamu akachoka atiphunzitsa ndani?" Ndidati Mkamwini. Sadaseke. Bwana, nthabwala yanga ikagwa pansi pakhomo panga pomwe, ndiye kuti zinthu zavuta. Kalasiyo akuti aitenga a hedi, amene ali kale ndi makalasi ena awiri ndi belu lomwe.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Ngati kabokosi ka netiweki kaja kapumako ku maulendo ake okajambulitsa, katumizeni kadzakhale nafe. Ngati n'kosatheka, sunthani malire pang'ono, adutse kuseri kwa chulu. A Dyton avomera kale kukhala Mmalawi, bola kuponi ya feteleza. Zikakanika zonsezi ndipo n'kofunikadi kuti wina asamutsidwe, samutsani Mkamwini, kwawo akukudziwa. Madamu tisiyireni. Kabichi tili naye wambiri.

Koma musanasaine chilichonse, ndikupempha modzichepetsa kuti muwayese makina anuwo ndi mutu umodzi wovuta, poti ntchito yake ndi yomweyo. Afunseni mmene mungafotokozere mwana wa Sitandade 8 chifukwa chimene mphunzitsi wake akuchotsedwera, atamvera zonse zimene mudalamula. Akakuyankhani, bwerani mudzamufotokozere nokha, ine ndikubwerekani tochi. Akakhala duu, musadandaule, chulu chilipo. Musaiwale pasipoti, Bwana, Mkamwini sasunga chinsinsi.

Ine wanu wogwadabe, podikira wondidzutsa,

Jasper Eliya,
Gogo wake wa Tikondwe.