Katsabola wa ku Japani ndi Duku Langa Loyera

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi Abiti Saidi, mnansi wanga wa pakomboni, mkazi wa atelala, amene ankagulitsa mandasi. Ndikanadziwa kumene idzandifikitse, ndikanangogula mandasi akewo n'kumuuza kuti apite bwino. Koma pakamwa panga ndi miyendo yanga sizinayambe zagwirizanapo, ndipo chaka chimenecho zinandichititsa manyazi pamaso pa pulazi yonse.

Tinkakhala pa pulazi ya fodya kufupi ndi Tengwe, chilala chachikulu chija chitangotha. Makolo athu anachokera ku Tete, ife tinakulira m'mapulazi momwemo. Amuna anga, bambo a Domingo, ankasankha fodya mushedi. Ine ndinali mtsogoleri wa amayi a mpingo, amene tinkakumana Lachinayi lililonse titavala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Yunifomu imeneyo ndinaivala zaka khumi ndi zinayi popanda wondiloza chala. (Sindikudzitama. Chabwino, ndikudzitama pang'ono.)

Loweruka lina masana m'mwezi wa Febuluwale ndikuchapa, Abiti Saidi anatula beseni lake la mandasi pakhomo panga.

"Mai Domingo, mwakhala phee chonchi, mukudziwa kumene ali amuna anu?"

"Ali ku holo, akumvera mpira."

"Mpira wake uti? Akuonera anthu osavala. Anganso ali komweko, makina asiya pakhonde ndi thalauza la munthu lili pansi pa singano."

Zimene zinachitika n'zakuti mng'ono wake wa maneja ankagwira ntchito ku Japani, ndipo ankatumiza matepi a vidiyo a masewera a kumeneko otchedwa sumo. Maneja akaonera, ankalola kuti wailesi yakanema ipite ku holo Loweruka anthu akaweruka. Holo yathuyo inali denga la malata pa mizati ya bulugama, ndipo m'mbali amuna anakhomamo masaka kuti mukhale mdima.

Ndinapita thovu lili m'manja. Zimene ndinaona, abale anga, zinandiumitsa pakamwa. Amuna aakulu ngati mabelo atatu a fodya omangidwa pamodzi, atangokulunga lamba wansalu m'chiuno n'kumudutsitsa pakati pa miyendo, tsitsi atamanga pamutu ngati atsikana. Ankaponda pansi mwamphamvu, kenako n'kutapa mchere wodzaza dzanja n'kuuwaza m'bwalo. Mchere weniweni, umene ife tinkapemphana pa supuni. Akatero ankagundana ngati nkhunzi, ndipo amene watuluka m'bwalo lozunguliralo kapena kugwira pansi ndiye wagonja. Sindinadikire. Ndinakoka bambo a Domingo pa kolala, iwo akuyenda chambuyo maso ali ku kanema.

Lachinayi lotsatira ndinalalikira mpaka thukuta. Ndinanena za umaliseche, ndinanena za kutaya chakudya. Pomaliza ndinapereka ganizo: mayi aliyense wa gulu lathu amene adzaoneke ku holo akuonera zimenezo, avulidwe yunifomu miyezi itatu. Wachiwiri wanga, Mai Luwiza, anati miyezi itatu yachuluka, umodzi ukwanira. Ine ndinakana. "Itatu," ndinatero, ndikumenya Baibulo ndi chala. Kumbukirani bwino amene ananena mawu amenewo.

Masewerawa amachitika kasanu ndi kamodzi pa chaka, kudumpha mwezi umodzi umodzi, ndiye tepi yachiwiri inafika mu Epulo. Tsiku limenelo kunabwera alamu anga kuchokera ku Karoi, ndipo panalibe wina woti ndimutume kukaitana bambo. Ndinaima pakhomo pa holo maso ndayang'ana pansi ngati mkamwini. Kenako ndinamva amuna onse akuti, "Katsabola, Katsabola." Ndinakweza diso limodzi lokha.

Chijapani panalibe amene ankachimva, choncho amunawo anapatsa omenyanawo maina awoawo. Katsabola anali wamng'ono kuposa onse. (Wamng'ono pakati pa anzakewo. Kuno kwathu akanadzaza chitseko.) Tsikulo anamuika ndi chimunthu chimene ankachitcha Thirakitala. Nditaona kusiyana kwawo mtima unandipweteka, chifukwa ndinakumbuka mmene bambo a Domingo, ochepa thupi aja, ankasenzera belo lolemera kuposa iwo. Atagundana, Katsabola analowa pansi pa mimba ya mnzakeyo, n'kugwira mwendo, chimunthu chija phuu. Iye sanavine, sanadzigugude pachifuwa. Anangowerama mwaulemu ngati mwana woleredwa bwino. Ndinazindikira mochedwa kuti milomo yanga yanena kuti, "Zikomo Ambuye." Alamu anga anadikira nthawi yaitali ndithu tsiku limenelo.

Mu Juni ndinatulukira kuti kuseri kwa holo kumamera chisoso chabwino. Ndinatulukiranso kuti saka limodzi linali ndi kabowo, ndipo munthu akaponda pa njerwa ziwiri diso limafika ndendende. Loweruka lililonse la tepi ndinkatenga lichero n'kulengeza mokweza kuti ndikukathyola ndiwo. Banja langa linadya chisoso mpaka mwana wathu Domingo anafunsa ngati chilala chabwereranso.

Pa kabowo kameneko ndinaphunzira zambiri. Aliyense amamenyana kamodzi pa tsiku kwa masiku khumi ndi asanu. Akapambana kasanu ndi katatu amakwera, akalephera amatsika. Kalaliki wa pulazi ankalemba ndi choko pa mzati, koma ine ndinkasunga za Katsabola pamtima ngati masiku obadwa a ana anga.

Mu Ogasiti zinamuvuta, anali atamanga bondo. Madzulo ake tikudya, bambo a Domingo ankafotokozera mwana wawo kuti Katsabola wapambana kasanu ndi kawiri kokha.

"Kasanu ndi kamodzi," ndinatero ine, ndikupakula ndiwo.

Bambo anandiyang'ana, n'kuyang'ana chisoso chinali m'mbalemo.

"Mwadziwa bwanji, mayi?"

"Mumakuwa kwambiri ku holoko. Komboni yonse imamva."

"Eya," anatero iwo. "Timakuwadi."

Mu Okutobala Katsabola analepheranso, ndipo ndinamva kalaliki akunena kuti akalephera ulendo womaliza wa chaka amutsitsira ku gulu lapansi, limene silioneka n'komwe pa matepi athu. Tulo tinayamba kundivuta. Ndinayamba kumuika m'pemphero la banja, pakati pa achibale a ku Tete ndi odwala. Bambo a Domingo anapirira masiku atatu, lachinayi anati:

"Mayi, mukudziwa kuti tepi imafika kuno atamenyana kale mwezi wathunthu? Mukupempherera mvula ya chaka chatha."

"Mulungu sadikira positi," ndinayankha. Sanabwerezenso.

Apa ndi pamene ndinafika pochita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbuka ndimabisa nkhope m'chitenje. Lachinayi lina mu Novembala, nthawi yotchula zopempherera, ndinaimirira.

"Amayi, pali mwana wina wa kutali. Ntchito yake ndi yolemera, bondo likumuvuta, ndipo akuluakulu akuti akalepheranso amutsitsa."

"Ndi wa ku Tete?" anafunsa Mai Luwiza.

"Kupitirira pang'ono."

"Amagwira ntchito yanji?"

"Yonyamula zolemera."

(Weruzani nokha ngati ndinanama.) Mai Zuze, amene anali wamkulu kwa tonsefe ndipo khutu limodzi silinkamva, anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, tisale kudya mpaka masana. Amayi makumi awiri anagwirizana nazo. Anasala kudya ali m'munda akupalira fodya, dzuwa la Novembala lili pamsana, chifukwa cha munthu wa ku Japani amene ankadya mphika wathunthu yekha.

Tepi yomaliza inafika mu Disembala. Mwatsoka, Loweruka lomwelo tinavala yunifomu kukaona mayi wina wodwala kumapeto kwa komboni, ndipo njira yobwerera inkadutsa pafupi ndi holo. Tikuyandikira ndinamva kalaliki akulengeza kuti Katsabola wapambana kasanu ndi kawiri, wagonja kasanu ndi kawiri, latsala tsiku limodzi, ndipo amuika ndi Thirakitala.

"Tsogolani, amayi," ndinatero. "Ndithyoleko chisoso."

"Mutavala zoyera?" anafunsa Mai Luwiza.

"Ndithyola mosamala."

Atangokhota pa mpopi, ndinakwera njerwa zanga. Mchere anali atawaza kale. Anagundana, ndipo ulendo uno Thirakitala anali atachenjera, anamugwira lamba ndi manja onse n'kuyamba kumukankhira kunja. Katsabola anabwerera, anabwereranso, mpaka zidendene zinafika pa chingwe cha malire. Ine ndinayamba kumuthandiza. Ndinaika phewa pa saka n'kukankha, ndikunong'ona kuti, "Limba mwanangu, limba." Sindinaganize kuti saka limenelo lakhala pa dzuwa ndi mvula chaka chathunthu.

Linang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinalowa m'holo chamutu, n'kugwera pamsana pa foromani, munthu amene sindinayambe ndamupatsapo moni wa dzanja. Duku langa linakodwa pa msomali n'kutsala panja likupepeluka. Kuwala kwa dzuwa kunadzaza holo yonse, amuna oposa makumi anayi ali mmenemo.

Ndinkayembekeza kuseka kapena kukuwa, koma panalibe amene anatembenuka. Foromani anangondikankhira pambali ndi chigongono, maso ali kutsogolo, n'kunena kuti, "Mayi, weramani, mukutchinga." Ndinawerama pansi pomwepo, pafumbi, ndi bulauzi yanga yoyera. Nthawi yomweyo Katsabola anapotoloka pa chidendene chimodzi, Thirakitala anadutsa yekha ndi liwiro lake n'kukagwera anthu okhala kutsogolo.

Ndinaliza nthungululu. Sindinaiganize, inangotuluka, yaitali, ya paukwati. Vuto n'lakuti nthungululu yanga pa pulazi yonse panalibe wosaidziwa. Amayi aja anali asanafike patali. Anabwerera akuthamanga poganiza kuti kwabadwa mwana, n'kupeza duku loyera lili pa msomali, mwini wake ali chogona mkati, m'mutu muli mbee pakati pa amuna.

Bambo a Domingo ndi amene anandidzutsa. Anavula jekete lawo n'kundifunditsa kumutu, akundisasa fumbi, n'kundinong'oneza kuti, "Mukanangolowera pakhomo, mayi. Malo ndakhala ndikukusungirani kuyambira Juni." Munthu ameneyu Mulungu anandipatsa ndithu. Anadya chisoso miyezi isanu ndi umodzi akudziwa zonse, osanena kanthu.

Lachinayi ndinapita nditapinda yunifomu m'thumba. Mai Luwiza anakhala pa mpando wanga, ndipo kunena zoona unkawakhala bwino. Ndinaulula zonse, kabowo, njerwa, lichero. Atandimvera anafunsa pang'onopang'ono:

"Ndiye mwana wa kutali uja, amene tinamusalira kudya, ndi ameneyu? Wosavalayu?"

"Ndi yemweyo."

Wina anati maiwe chapansipansi. Wina anayamba kutsokomola, koma ndikukhulupirira kuti sikunali kutsokomola. Mai Zuze anatembenuza khutu lawo labwino, ena n'kuwafotokozera mokweza mpaka anamva. Kenako anandiyang'ana.

"Nanga anamutsitsa?"

"Ayi amayi, anapambana."

"Ndi bondo lomwelo?"

"Ndi bondo lomwelo."

"Ndiye njala yathu ija sinapite pachabe," anatero, n'kukonza duku lawo.

Apo ndinayamba kuona ngati ndapulumuka. Mai Luwiza nawonso anati mwina mwezi umodzi ukwanira, monga ananenera poyamba paja. Koma Mai Zuze anakweza dzanja.

"Anati itatu, akumenya Baibulo ndi chala. Ndinamva ndi khutu lakufali."

Ndinapereka thumba lija ndi manja awiri. Khirisimasi imeneyo ndinakhala kumbuyo kwa tchalitchi nditavala chitenje wamba, pamodzi ndi atsikana oyembekezera ubatizo, ndikuona anzanga akuyera kutsogolo. Sindibisa, ndinalira. Abiti Saidi anabwera kudzandipepesa ndi mandasi anayi, akuseka mpaka kugwira m'nthiti.

Koma munthu wovulidwa kale sangavulidwenso. Tepi ya Febuluwale itafika, ndinalowera pakhomo masana dzuwa likuswa mtengo, n'kukhala pa benchi pambali pa amuna anga. Miyezi itatu itakwana, amayi anandiitana n'kundifunsa ngati ndalapa. Ndinaganiza zongoti inde, koma ndinali nditatopa ndi mayankho okhota.

"Za kukusalitsani kudya mosadziwa ndalapa ndi mtima wonse," ndinatero. "Za lamulo lija ndalapanso. Koma za Katsabola, ndikanena kuti ndalapa ndichimwa kawiri."

Anakambirana nthawi yaitali ine ndili panja pansi pa mtengo. Yunifomu anandibwezera. Mpando sanandibwezere, ndipo Mai Luwiza anatsogolera gululo bwino kuposa ine, chifukwa iwo akafuna kuika lamulo ankayamba ayeza ngati msana wawo ungalisenze.

Tsopano takalamba, tikukhala ndi Domingo ku Karoi. Bambo ake chifuwa chimawavuta chifukwa cha fumbi la fodya la zaka zonse zija, koma kuseka sanasiye, ndipo ndimathokoza Mulungu m'mawa uliwonse powaona akudzuka. Inu amene mwawerenga mpaka pano, mukagwada mutikumbukire: bambowa kuti mpweya uzilowa bwino, ana ndi adzukulu kuti ntchito zisawathawe, ndi ine mayi wawo, kuti pakamwa panga pasamathamange kusiya miyendo m'mbuyo.